Timfundo ta m'minofu ya mapewa tikamabwererabwerera

Atelala a pakhonde, amayi oluka tsitsi, aphunzitsi ochonga mayeso mpaka usiku, a kabaza, maejenti a Mpamba ndi Airtel Money, ndi onse okhalira kuzyolikira laputopu ali ndi dandaulo limodzi. Pakati pa khosi ndi phewa, kapena m'mphepete mwa fupa lathyathyathya la kumbuyo kwa phewa, pamakhala kamfundo kolimba koti ukakadina kamawawa mpaka kunkhongo. Wina akakutikita kamafewa. Pakapita masiku awiri atatu, kabwerera pomwe paja.

Kamabwerera chifukwa kutikita kumangofewetsa mnofu, sikuchotsa chimene chikuukoka. Mnofu wa trapezius umayambira kunkhongo, n'kutambasukira ku mapewa onse awiri, n'kutsikira pakati pa msana. Mnzake levator scapulae umachokera pa mafupa 4 oyambirira a khosi n'kukagwira pangodya yapamwamba ya fupa la phewa. Minofu imeneyi imapirira katundu wolemera wa kanthawi kochepa. Chimene imadana nacho ndi kukoka pang'ono chabe koma kwa maola ambiri osapumira.

Amene anatchukitsa timfundoti ndi dokotala wa ku America Janet Travell, yemwe ankasamalira msana wa pulezidenti wa dzikolo John F. Kennedy ku White House kuyambira 1961. Mu 1983 iye ndi dokotala mnzake David Simons anatulutsa buku losonyeza kuti kamfundo kamodzi kamatumiza ululu kutali ndi pamene kali. Akatswiri akutsutsanabe za chimene chili m'kati mwake: ena amati ndi ulusi wa mnofu umene wakungika, ena amati ndi mitsempha imene yayamba kumva ululu msanga. Koma si magazi oundana, ndipo kutema mphini sikungakatulutse.

## Choyamba, onetsetsani kuti si izi

Ululu wa mnofu umasintha mukatembenuza khosi, mukakweza mkono kapena mukadina pamalopo. Ululu wosasamala za mmene mwakhalira kapena mwagonera ndi wofunika kuukayikira.

Pitani kuchipatala pompano, musadikire kuche, ngati pali chimodzi mwa izi:

- Pamtima pakuthina, mukubanika, thukuta lozizira, nseru, ululu ukutsikira kumkono kapena kukwera kunsagwada. Mtima umatha kuwawira kumsana, makamaka kwa amayi ndi odwala shuga.
- Thupi latentha, mutu ukuwawa kwambiri, khosi lauma moti chibwano sichikufika pachifuwa.
- Mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kamwa yakhota, mawu sakumveka.
- Mwagwa panjinga yamoto, mumtengo kapena mutasenza katundu, ndipo khosi likuwawa. Wovulala wotere asatembenuzidwe khosi pomunyamula.
- Mayi sanasambe mwezi watha, ndipo akumva kuwawa m'mimba ndi pansonga ya phewa, ndi chizungulire. Ikhoza kukhala mimba yokhala kunja kwa chiberekero imene ikutaya magazi m'kati.

Pitani m'masiku omwe ano ngati:

- Ululu uli pafupa la msana lenilenilo, ukukudzutsani usiku, mukuonda, mukutuluka thukuta usiku. TB ya msana imakonda mafupa a pakati ndi kumunsi kwa nthiti, ndipo imabwera ngakhale munthu asakutsokomola. Amene ali ndi HIV kapena anakhala nyumba imodzi ndi wodwala TB asazengereze.
- Khungu likuwotcha mbali imodzi motsatira nthiti, kenako patuluka timatuza. Amenewo ndi mashingozi, ndipo mankhwala ake amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72.
- Ululu uli kumunsi kwa fupa la phewa lamanja mukangodya tchipisi kapena kanyenya, limodzi ndi nseru kapena chikasu m'maso. Kayezetseni ndulu.
- Mukutsokomola, thupi latentha, ndipo ukubaya mukapuma mozama.
- Munadwalapo khansa ya mtundu uliwonse.

Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi, pezani chizindikiro chanu m'munsimu. Zochititsa zandandalikidwa kuyambira chofala kwambiri.

## Kamfundo pamwamba pa phewa, pafupi ndi khosi

1. Mikono ilibe potsamira. Mkono wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu 3 kapena 4. Ukakhala m'malere tsiku lonse, pa makina osokera, pamutu pa kasitomala kapena pa kiyibodi yokhala patali, trapezius ndi amene amaunyamula.

Yesani: khalani mmene mumakhalira pantchito, kokani mpweya, utulutseni n'kuleka mapewa agwe okha. Akatsika moonekeratu, ndiye kuti munali mutawakweza osadziwa.

Chochita: tebulo likhale molingana ndi zigongono mapewa ali pansi. Ngati tebulo n'lalitali, kwezani mpando ndi pilo n'kuika njerwa kapena thabwa pansi pa mapazi. Kokerani ntchito pafupi ndi mimba, osati inu kuitsatira. Oluka tsitsi akhazike kasitomala pampando wotsika kapena pamphasa kuti manja azigwira ntchito kumunsi kwa chifuwa.

2. Kuzyolika. Mutu umalemera pafupifupi makilogalamu 5. Mu 2014 dokotala wa opaleshoni ya msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera kuti mutu ukawerama madigiri 60, monga timachitira powerenga WhatsApp foni ili pamiyendo, khosi limamva ngati lanyamula makilogalamu 27. Nambalayi inachokera pa kuwerengera kwa pakompyuta, osati poyeza anthu, ndipo siikutanthauza kuti foni ikuthyolani khosi. Kuzyolika kwa mphindi zochepa kulibe vuto. Kwa maola atatu osadzuka ndiye nkhani ina.

Chochita: ikani laputopu pamwamba pa mabuku kuti m'mphepete mwa sikirini mukhale molingana ndi maso, n'kugula kiyibodi yapadera yotsika mtengo. Foni ikwezeni, zigongono zitatsamira patebulo kapena panthiti. Mphindi 30 zilizonse dzukani, ngakhale kungokamwa madzi.

3. Katundu wa mbali imodzi. Chikwama cha lamba mmodzi, chitenje chobereka mwana chomangidwa paphewa lomwelo tsiku lililonse, foni yopanikizidwa pakati pa khutu ndi phewa uku manja akuwerenga ndalama. Ngati kamfundo kali mbali imodzi yokha, yambani mwafufuza apa. Phewa limadzikweza lokha kuti lamba asatereke, ngakhale chikwamacho chikhale chopepuka. Sinthanitsani mbali, kapena pingasani lamba pachifuwa. Amayi a mabere aakulu aone ngati malamba a bra akusiya mizere yozama paphewa. Yamalamba otakata imathandiza.

4. Nkhawa ndi kusagona. Ambiri safuna kumva zimenezi, koma onani kuti kamfundo kamakula liti: fizi ikafunika, kumapeto kwa mwezi, pakhomo pakakhala matenda. Munthu wodera nkhawa amakweza mapewa, amaluma mano, amapumira pamwamba pa chifuwa. Ikani dzanja limodzi pamimba, lina pachifuwa. Ngati likuyenda ndi la pachifuwa lokha, phunzirani kupumira m'mimba kwa mphindi zingapo musanagone. Tulo tikachepa, ululu uliwonse umamveka mokulira.

5. Maso. Zaka zikapitirira 40, zilembo zazing'ono ndi diso la singano zimayamba kuvuta, ndipo munthu amasuzumira ndi khosi. Magalasi owerengera athetsa timfundo ta anthu ena amene anatha machubu ambiri a mankhwala opaka.

6. Kusenza. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20 pamwamba pa khosi. Choopsa kwambiri ndi potukula ndi potula muli nokha. Pemphani wina akusenzeni ndi kukutulani, nkhata ikhale yochindikala, ndipo ana asasenzetsedwe ndowa ya akuluakulu.

### Kufewetsa kamfundo nokha

- Thowani ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15. Odwala shuga ayese kaye madziwo ndi chigongono, chifukwa ena khungu lawo silimva kutentha bwino.
- Ikani mpira wa tenesi, kapena ndimu losapsa, m'sokosi. Tsamirani nalo pakhoma pa kamfundopo kwa masekondi 30 mpaka 60. Ululu ukhale woti mukupumabe bwinobwino. Mukayamba kuluma mano mwapyola.
- Musadine pafupa la msana, kutsogolo kapena m'mbali mwa khosi.
- Khalirani dzanja lamanja, pendekerani khutu lamanzere kuphewa lamanzere kwa masekondi 30, kenako sinthani.

Kutikita mwamphamvu mpaka kusiya mikwingwirima sikuchiritsa msanga. Mawa lake mnofu umadzuka utauma kuposa dzulo.

## Kuwotcha pakati pa mafupa a mapewa

Kumayamba masana, kumakula madzulo, kumachepa mukagona chagada.

1. Minofu yakhala yotambasuka nthawi yaitali. Mukaweramira kutsogolo, mafupa a mapewa amatalikirana ndipo minofu ya rhomboid, yolumikiza mafupawo ku msana, imagwira ntchito itakokeka. Apa pali msampha. Kudzikumbatira n'kukoka mapewa kutsogolo kumakoma panthawiyo, koma mukutambasula mnofu wotambasuka kale. Umafuna kulimbitsidwa, ndipo njira yake ili m'munsimu.
2. Msana wa kumtunda wauma. Khalani pampando, pingasani manja pachifuwa, tembenukani kumanja ndi kumanzere. Ngati mbali ina ikukanika msanga, pindani thaulo, liikeni mopingasa pansi pa mafupa a mapewa, gonanipo chagada manja atagwira kunkhongo, mupume kasanu. Sunthani thaulolo pang'ono n'kubwereza.
3. Gwero lili kukhosi. Mafupa a kumunsi kwa khosi amatumiza ululu m'mphepete mwa fupa la phewa. Yang'anani kumwamba, kenako cheukani mbali yowawayo. Ululu wa kumsana ukakula, kutikita kumsanako n'kutaya nthawi. Konzani za khosi.
4. Polumikizira nthiti ndi msana. Ululu wobaya pamalo amodzi mukayetsemula kapena kutembenuka pabedi, popanda kutentha thupi kapena kubanika. Nthawi zambiri umatha wokha m'sabata ziwiri kapena zitatu.

Za kuuza mwana kuti akupondeni pamsana: kwa agogo, amene mafupa awo anayamba kufooka, nthiti imathyoka. Zilekeni.

## Mapewa ogwera kutsogolo, mutu wotsogola

Imani momasuka, manja ali m'mbali. Ngati kumbuyo kwa manja kwayang'ana kutsogolo, mapewa apindikira m'kati. Wina akujambuleni cham'mbali musanadzikonze: khutu liyenera kukhala chapafupi pamwamba pa phewa.

1. Chizolowezi cha ntchito. Ngati mungathe kuwongoka mukafuna, mafupa anu ali bwino.
2. Minofu ya pachifuwa yafupika, makamaka pectoralis minor, umene umachokera panthiti yachitatu mpaka yachisanu n'kukokera phewa kutsogolo ndi pansi. Imani pakhomo, ikani mkono pafelemu ya chitseko chigongono chili molingana ndi phewa, pondani kutsogolo mpaka pachifuwa pakoke. Masekondi 30 mbali iliyonse.
3. Manyazi. Atsikana ongoyamba kumera mabere ndi anyamata otalika msanga amadzipinda pofuna kubisala. Kuwakalipira sikuwongola msana.
4. Mafupa enieniwo. Wachinyamata amene msana wake suwongoka ngakhale atagona, kapena phewa lina n'lokwera ndipo nthiti zimatukuka mbali imodzi akawerama. Wokalamba amene akufupika msinkhu. Aliyense amene wamera linunda lakuthwa pamalo amodzi. Awa ndi a kuchipatala.

Malangizo aja akuti "tulutsa chifuwa, khala ngati msilikali" ine sindigwirizana nawo. Munthu amakoka mapewa kumbuyo ndi kumwamba tsiku lonse, n'kuumitsa mnofu womwe uja ankafuna kuupumitsa. Anthu ambiri owerama alibe ululu uliwonse, ndipo ena owongoka bwino amabuula usiku. Chovuta chachikulu ndi kukhalitsa m'kakhalidwe kamodzi, kaya kokongola kaya koipa. Malamba owongola mapewa amene akugulitsidwa pa Facebook amangokukumbutsani kuwongoka pamene mwawavala, salimbitsa mnofu. Ndalamayo ndi bwino igule kiyibodi.

Chothandiza mutu wotsogola: mukuyang'ana kutsogolo, bwezani chibwano m'mbuyo osazyolika, gwirani masekondi 5, kakhumi. Mutha kuchita muli m'minibasi.

## Kudzuka khosi litauma, osatha kucheuka

1. Kagonedwe. Kugona chafufumimba kumasiya khosi litapotoka usiku wonse. Mapilo awiri osanjikiza, kapena kusinza pabasi ya usiku mutu ukulendewera, zimachita chimodzimodzi. Wogona cham'mbali pilo adzaze mpata wa pakati pa khutu ndi matiresi; wogona chagada pilo akhale wopyapyala.
2. Ntchito yachilendo dzulo lake, monga kulima tsiku loyamba la dzinja kapena kupenta denga.

Thowani, cheukani pang'onopang'ono mpaka pamene ululu ukuyambira, ndipo pitirizani ntchito zopepuka. Nthawi zambiri zimatha pasanathe sabata. Musalole munthu wosaphunzira akupotoleni khosi mwadzidzidzi kuti lithetheke. M'mafupa a khosi mumadutsa mitsempha ya magazi yopita ku ubongo, ndipo ngakhale sizichitikachitika, ikang'ambika munthu amachita sitiroko.

## Mutu woyambira kunkhongo

Timfundo ta trapezius timatumiza ululu kuseri kwa khutu mpaka m'mbali mwa diso. Finyani pamwamba pa phewa. Mutu womwe uja ukabwera, gwero mwalipeza. Zina zochititsa ndi kuluma mano kutulo, maso otopa, ndi kumwa mankhwala ochepetsa ululu masiku 15 kapena kuposerapo pamwezi, kumene pakokha kumayambitsa mutu. Yezetsani BP kamodzi. Woyembekezera amene mutu ukuwawa ndipo akuona zachimbuuzi apite kuchipatala tsiku lomwelo.

## Dzanzi kapena kunyerenyetsa kotsikira m'zala

1. Mwagonera mkono, kapena lamba wa chikwama wapanikiza. Zimatha mukasintha kakhalidwe.
2. Mtsempha wapanikizika pachigongono kapena pamkono pafupi ndi dzanja. Dzanzi la chala chaching'ono ndi choyandikana nacho limaloza kuchigongono. La chala chachikulu, cholozera ndi chapakati, lodzutsa usiku, limaloza pamfundo ya dzanja.
3. Mtsempha wapanikizika kukhosi. Ululu wa mkono umaposa wa khosi, umakula mukapendekera mutu mbali yowawayo, ndipo ena amapeza mpumulo akaika dzanja pamutu.

Lekani kudzithandiza nokha ngati mkono ukufooka, mabatani akukanika kumanga, zinthu zikupulumuka m'manja, miyendo ikudzandira, kapena mkodzo wayamba kuvuta. Zimenezi zikhoza kutanthauza kuti mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana wapanikizika.

## Mkono ukukanika kukwera

Ili kawirikawiri si vuto la timfundo. Ululu wa cham'mbali mwa mkono poyanika zovala kapena pogonera mbaliyo umachokera ku minofu 4 yogwira mfundo ya phewa. Ngati phewa lauma moti ngakhale wina atakukwezerani mkono sukupita, ndipo kufikira kumbuyo kwakanika, kayezetseninso shuga, chifukwa kuuma kwa phewa kotereku n'kofala mwa odwala shuga. Mkono ukakanika kukwera mutangogwa, musadikire.

## Mwathowa, mwatikita, zabwereranso

Apa ndi pamene ambiri amakakamira. Mnofu wamphamvu umanyamula ntchito ya tsiku lonse osafika potopa, ndipo kuulimbitsa sikufuna jimu. Ku Denmark, Lars Andersen ndi anzake anatenga anthu 198 ogwira ntchito omwe ankadandaula khosi ndi mapewa. Mu 2011 anafalitsa zotsatira zake: amene ankakoka lamba wa mphira mphindi 2 zokha patsiku, masiku 5 pasabata, kwa masabata 10, ululu wawo unachepa pafupifupi mofanana ndi amene ankachita mphindi 12.

Chubu chakale cha njinga, chodulidwa n'kuchotsa valavu, chimagwira ntchitoyi:

- Pondani mbali imodzi, gwirani inayo, kwezani mkono cham'mbali koma motsogola pang'ono mpaka pamsinkhu wa phewa. Tsitsani pang'onopang'ono.
- Mangani chubu pamtengo kapena pachitsulo cha zenera, kokerani zigongono kumbuyo, mafupa a mapewa ayandikane osakwera kumakutu.
- Gonani chafufumimba, chipumi pathaulo, tambasulani mikono chakumutu motalikirana, ikwezeni pang'ono kuchoka pansi.

Yambani ndi maulendo 10 mpaka 15. Zikayamba kuphweka, fupikitsani chubu. Kuphwanya m'minofu masiku oyambirira n'kwachibadwa. Ululu wobaya kapena wotsikira m'mkono ndi wolekera pomwepo. Musayembekezere kusintha pasanathe mwezi.

## Mankhwala

- Panado: wamkulu asapitirire magalamu 4 pamaola 24, ndipo womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi achepetse.
- Bufeni, diclofenac ndi indosidi ndi a gulu limodzi. Musawaphatikize, musamwe m'mimba muli njala, musapitirire masiku ochepa. Apeweni ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena la mtima, kapena ndinu oyembekezera. Amene akumwa ma ARV okhala ndi tenofovir afunse kaye kuchipatala, chifukwa onse awiri amalemetsa impso.
- Mankhwala opaka otenthetsa amangophimba ululu. Musathowe pamwamba pake, khungu limapsa.
- Jakisoni wa pagolosale ndi mapiritsi opanda dzina a m'basi ayi.

## Kopita zikakanika

Pakatha masabata 4 mpaka 6 mukuchita zonsezi osasintha, kapena ululu ukukulepheretsani kugona ndi kugwira ntchito, yambirani kuchipatala chapafupi n'kupempha kuti akutumizeni ku mafizo. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madipatimenti a mafizo, ndipo ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre. X-ray sionetsa timfundo ta m'minofu, choncho musakhumudwe akapanda kukujambulani. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwakhala mukumwa, ndipo ngati n'kotheka wina akujambuleni pafoni muli pamakina, patebulo kapena panjinga yanu kuti wa mafizo aone mmene mumakhalira.